Moni Umene Munalibe M'kalata

Kalata ya bambo a Kopila inafika ndi Jokhu, mkulu wa abulu amene ankatibweretsera katundu kuchokera kumsewu. Chinali chaka chimene munthu unkayamba wayang'ana kumbuyo usanayankhe moni. Jokhu sanakhale pansi. Munthu woti masiku onse amamwa tiyi mpaka ketulo kuuma, tsiku limenelo anangopereka kalatayo kwa apongozi anga aamuna, a Narjit, n'kunena kuti abulu akuvuta. Abuluwo anali phee, akudya udzu m'mbali mwa njira. Ine ndinaona, ndipo sizinandisangalatse.

Amuna anga anali msilikali wa boma. Bambo awo amawatchula kuti Khim, koma kwa ine ndi bambo a Kopila, mwana wathu, basi. Ankamenyana ndi a m'nkhalango, ndipo a m'nkhalangowo sanali anthu achilendo, anali ana a m'midzi yathu yomweyi. Iwowo anali atalengeza kale kuti banja lililonse lokhala ndi mwana ku usilikali limuitane abwerere, apo ayi lisamuke. Nyumba ya a Gharti kumtunda inali kale ndi loko pachitseko, eni ake ali kuchigwa akugona m'khonde mwa anthu.

Ife tinkakhalabe chifukwa cha munthu mmodzi, amayi Dhansari. Mwana wawo, Tejman, anali m'nkhalango, ndipo Tejmanyo ndi amuna anga anali abale a lumbiro. Anapakana mpunga wofiira pamphumi ali anyamata, mudzi wonse ukuona, ndipo ubale wotero kwathu umaposa wa bere limodzi: mnzakoyo sumutchulanso dzina, mayi ake amakhala mayi ako. A m'nkhalango atabwera ndi loko wawo pakhomo pathu, amayi Dhansari anaima pachitseko n'kunena kuti akhome kaye kwawo. Anyamatawo anabwerera. Denga lathu linkagwiridwa ndi pakamwa pa mayi ameneyo, ndipo aliyense ankadziwa.

Aliyense kupatula apongozi anga. Iwo anamenya nkhondo za azungu kutsidya kwa nyanja, ndipo anabwerako ndi mamendulo, bondo lolimba ndi makutu otsekeka. Pa nthawi yawo kalata ya msilikali sinali ya banja, inali ya mudzi. Inkatsegulidwa pansanja ya miyala pansi pa mkuyu, anthu onse ali pomwepo, tiyi akuyenda, ndipo kumapeto msilikali ankapereka moni khomo ndi khomo, osadumpha ngakhale nkhalamba yomwe anayambana nayo. Zinali zabwino kalelo, chifukwa ofa m'makalatamo anali anthu opanda mayina.

"Mtengwa, sunga iyi," anatero, akundipatsa kalatayo chifukwa maso awo anali atasiya kale kuwerenga. "Ng'ombe zikabwera tikumana pamkuyu. Ndikukauza anthu."

Nditaigwira ndinamva kuti kukamwa kwa envulopu n'kolimba. M'mphepete munatsalira kanjere ka mpunga wophika, kophwanyika ndi chala. Bambo a Kopila samata kalata ndi mpunga, amangonyambita. Wina anali ataitsegula, n'kuimatanso.

Ndinalowa nayo m'khola la njati zathu zoweta, ndinaitsegula ndi chikhadabo. Ngati mbala inawerenga kale, mwini wake ndingadikire chiyani?

"Bambo, ndikugwada pamapazi anu," inayamba motero. "Ndili moyo, sindinavulale. Kalata ino musakawerengere pamkuyu.

"Anatipeza m'bandakucha pa kampu yathu ya pamlatho. Kunali nkhungu yoti sungaone mfuti ya mnzako. Choyamba tinamva ng'oma, kenaka munthu pa chokuzira mawu akuti, 'Abale, ikani zida pansi, sitikufuna inu.' Bambo, ankalankhula ngati kwathu, mpaka kakokedwe ka mawu. Mnyamata wa kuchigwa amene ndinali naye m'dzenje lobisalamo anandifunsa kuti akuti chiyani, ndipo ndinachita manyazi kuti ndikumva zonse.

"Kenaka mabomba. Amawapanga ndi mapaipi ndi miphika yotsekera nthunzi, koma amapha ngati a boma omwe. Anabwera mafunde mafunde, akutsogolo akagwa akumbuyo n'kutola mfuti zawo. Kumbuyo kwenikweni kunali anthu wamba atabereka madengu, akunyamuliramo ovulala ngati akuchokera kotola nkhuni. Inu munkati nkhondo ili ndi kutsogolo ndi kumbuyo. Iyi inalibe. Ndinkangoombera m'nkhungu pamene pamveka mawu, mpaka mfuti inandiwotcha dzanja. Mkulu wathu anafera pa wailesi akuitana helikopita. Inabwera dzuwa litakwera, zonse zitatha.

"Nkhungu itachoka anatituma kukatembenuza mitembo. Munsi mwa dzenje langa munali munda wa mpiru. M'menemo ndinapeza m'bale wanga wa lumbiro. Ndinamudziwira chala chake chopindika chija, nkhope ndinaiona pambuyo. Mbali imeneyo tinkaombera anthu awiri okha, ine ndi wa kuchigwa uja. Ndinamufunda mpango wanga kumaso. Zimene tinachita nayo mitemboyo ndidzanena pakamwa.

"Amayi anga a lumbiro sindikuwapatsa moni muno, chifukwa moni wake sindikuudziwa. Muone nokha mowauzira."

Pambuyo pake panali moni wa makomo ena onse, mwa ndondomeko yake, ngati palibe chachitika.

Ndinakhala pa mulu wa udzu. Tejman ndinkamukonda ngati mlamu weniweni, ndiye anamusemera Kopila kachidole ka mbuzi. Koma misozi sinabwere, chimene chinabwera ndi mantha, ndipo pamwamba pa manthawo mkwiyo. Mwamuna wamkulu ndithu, wodziwa bambo ake, wodziwa manja amene kalata imadutsamo, n'kulemba zotere papepala. Anafuna kupepukidwa mtima, ndiye katunduyo anangomutula pamutu panga. Ndinatenga mpunga wotsala mumphika, ndinaimatanso.

Apongozi anga ndinawapeza akupukuta mamendulo pakhonde.

"Bambo, bwanji tiwerengere m'nyumba?"

"Ati?"

"M'nyumba. Tiwerengere m'nyumba."

"M'nyumba? Kodi mwana wanga waba mbuzi?" Mawu awo anafika mpaka kuchitsime. "Ine makalata anga onse anawerengedwa pamkuyu. Bambo ako omwe ankabwera kudzamvera, kukamwa kuli yasa."

"Nthawi zinasintha, bambo."

"Ndani wasintha?"

Ndinangowasiya. Munthu ameneyu kuti umuuze chinsinsi, uyenera kuuza phiri lonse. Ndikanati ndikuwe m'khutu mwawo kuti Tejman wafa pansi pa dzenje la Khim, amayi Dhansari akanamva ali pakhomo pawo.

Pamkuyu panadzaza kuposa mmene ndinkayembekezera, ndipo zimenezo zinandiwonjezera nkhawa. Anthu amene anasiya kutipatsa moni panjira anali pomwepo. Abwera kudzamva kalata, kapena abwera kudzaona ngati ndiwerenge zimene akudziwa kale? Jokhu anailandira kwa wa sitolo ya kumsewu, wa sitoloyo kwa dalaivala wa basi, ndipo pokwera phiri anaima pamakomo angati sindikudziwa. Nkhope iliyonse ndinkaiona ngati ili ndi mpunga kuzala.

Birkha anabwera mochedwa n'kudzakhala kumbuyo kwanga kwenikweni. Ameneyu ndiye anali khutu la a m'nkhalango m'mudzi mwathu, ndipo kuwerenga ankadziwa. Ndinasuntha n'kutsamira tsinde la mkuyu, kuti akafuna kusuzumira ayambe waboola mtengo. Amayi Dhansari anakhala kutsogolo, pamalo a mayi wa msilikali, chifukwa apongozi anga aakazi anamwalira kale. Ankapota ubweya, maso ali pa ulusi.

Apongozi anga anang'amba envulopu ndi mpeni wawo mwaulemu wonse, n'kundipatsa mapepala. Ndinadumpha mzere woletsa uja. Ndinawerenga za nkhungu, za ng'oma, za chokuzira mawu. Ndinkakweza mawu chifukwa cha makutu a nkhalambayo, ndipo chilichonse chinkamveka ngati ndikudzitama. Pa mawu akuti "ankalankhula ngati kwathu," mayi wina anakoka mpango n'kuphimba pakamwa. Theka la anthu amene anakhala pamenepo linali ndi mwana m'nkhalango.

"Ndiye anathawa eti?" anafunsa apongozi anga, akumenya ndodo pansi. "Khim anagwira malo ake?"

"Anagwira, bambo."

"Ndi magazi anga amenewo."

Nditafika pa helikopita ndinatembenuza mapepala awiri pamodzi, n'kuyamba moni.

"Mlamu," anatero Birkha, mawu ake ofewa ngati akupempha moto. "Ine ndikuona ngati mapepala achuluka kuposa mawu."

Ndiye ndi iyeyu anatsegula kalata? Kapena wangoona dzanja langa?

"Zotsalazo ndi za mwamuna ndi mkazi wake, achimwene," ndinatero. "Koma ngati mukufuna ndikuwerengerani. Mwina mutolapo kanthu, poti akazi anu amadandaula kuchitsime."

Azimayi anaseka, ena mpaka kugwirana mapewa. Birkha nayenso anaseka, koma maso ake sanachoke pa mapepala.

Moni unayenda khomo ndi khomo. Kwa agogo a kumphero, kwa amalume osula zikwakwa, kwa Birkha yemweyo, kwa ana a sukulu. Aliyense akatchulidwa ankagwedeza mutu monga mwa mwambo. Ndinamaliza, n'kupinda mapepala msangamsanga.

"Iwe mtengwa," anatero apongozi anga. "Wawadumpha amayi ake a lumbiro."

Munthu wosamva bomba, koma dzina losowa m'kalata analimva. Pamenepo ndipo ndinazindikira kulakwa kwanga: ndinakonzekera zochotsa, osakonzekera zowonjezera. Khim sanayambe walembapo kalata yopanda moni wa amayi Dhansari, ndipo unkakhala woyamba, patsogolo pa wanga. Anthu onse anatembenukira kwa iwo.

"Pepani, mapepala anamatana," ndinatero, ndikutsegulanso. Ndinayang'ana pamalo pamene panalembedwa za munda wa mpiru, n'kunena kuti, "Kwa amayi anga a lumbiro, ndikugwada pamapazi anu. Mundisungire mowa wa mawere, tidzamwa ndi m'bale wanga nkhondo ikatha."

"Ameneyo ndiye Khim," anatero apongozi anga, atakhutira.

Amayi Dhansari sanagwedeze mutu. Ulusi unkangoyendabe m'zala zawo.

"Watero?" anafunsa.

"Watero, amayi."

"Tabwereza pamenepo, mwana wanga. Makutu akukalamba."

Ndinabwereza. Ndinaika mawu aliwonse pamalo pake ngati ndikuponda miyala yowolokera mtsinje. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anakulunga ubweya wawo n'kunyamuka. Kapu yawo ya tiyi inatsala pamwala yodzaza.

Nditafika kunyumba ndinaponya pepala lapakati lija pamoto, otsalawo n'kuwapatsa apongozi anga kuti aike m'bokosi lawo la mamendulo. Koma kutentha pepala sikutentha maso amene analiwerenga. Galu akauwa ndinkati ndi anyamata a loko. Mkazi wa Birkha atabwera kudzabwereka sefa, ndinkaona ngati akuyeza nyumba yathu ndi maso. Ndinayamba kuganiza zimene munthu anganyamule pamsana ndi mwana wamng'ono komanso nkhalamba ya bondo limodzi, ndipo ndinapeza kuti si zambiri.

M'mawa mwake, apongozi anga atapita kumunda, amayi Dhansari anafika. Anakhala pamphasa pakhonde osadikira kuuzidwa, monga ankachitira masiku onse. Kopila anathamangira pamiyendo pawo, iwo n'kumusisita mutu.

"Ndabwera kuti undilembere yankho," anatero. "Munthu akakupatsa moni umabweza."

"Ndiyambe ndaika tiyi, amayi."

"Ika. Koma wanga usathire mchere."

Ndinaima ndi chikombe cha mchere m'manja. Tiyi wathu ndi wa mchere, ndipo amayi Dhansari ankathira wowirikiza, mpaka tinkawaseka kuti adzauma ngati nyama yofutsa. Kwathu munthu sasiya mchere chifukwa cha dokotala. Amasiya mchere pakhomo pakagwa maliro.

Ndinawapatsa tiyi wopanda kanthuyo. Anamwa pang'ono.

"Jokhu amatsegula kalata iliyonse imene wanyamula," anatero, ngati akukamba za mvula. "Amaopa kufera mawu a eni ake pa zipata za asilikali. Kuwerenga kwake n'kwa pang'onopang'ono, koma amafika. Khomo loyamba pokwera phiri ndi langa. Ndinamuthirira mowa, anakanika kumeza."

"Amayi..."

"Unawerenga bwino dzulo. Ukanakhala mwana wanga wobereka ndikanakunyadira. Mowa wa mawere, eti?"

Ndinagwada n'kugwira mapazi awo. Sanawachotse, komanso sanandigwire pamutu. Ndinalira pamenepo, kulirira Tejman, kulirira iwo, ndipo sindibisa, kulirira denga langa.

"Dzuka, mwana akuona. Tenga pepala."

Ndinang'amba tsamba m'kope lakale, ndinakhala pansi.

"Birkha akudziwa?" ndinafunsa.

"Birkha akununkhiza. Anabwera kwanga kudzafunsa chifukwa chake sindinamwe tiyi. Ndinati m'mimba." Anaika kapu pansi. "Anzake a Tejman sanabwere kudzandiuza. Akadzabwera adzati wafera anthu, adzandipatsa nsalu yofiira ya gulu lawo. Sadzadziwa dzenje limene linali pamwamba pa mundawo. Odziwa ndi ine, iwe ndi Jokhu, ndipo Jokhu amakonda khosi lake. Lemba."

Anayamba ndi madalitso, monga mayi amayambira. Kenaka anati ndilembe kuti amva za mpango, ndipo athokoza. Anati ndifunse ngati mwana wawo anaikidwa m'nthaka kapena anatayidwa mumtsinje, ndipo ngati ndi m'nthaka, Khim atchule malo ake bwinobwino, mtengo kapena mwala umene uli pafupi, kuti munthu wosadziwa kuwerenga akathe kupapeza. Mawu awo sanagwedezeke ngakhale pang'ono. Zimenezo zinandiopsa kuposa kulira.

"M'nyumba muno namonso musiye mchere," anatero. "Ndi m'bale wanu. Nkhalambayo uiuze kuti mchere watha."

"Chabwino, amayi." "Nanga ife? Tizimanga katundu?"

Anayang'ana Kopila, amene ankasewera ndi ulusi wa mpango wawo.

"Ine ndinaima pachitseko ichi chifukwa ndinali ndi ana awiri," anatero. "Tsopano ndikufuna ndidziwe ngati ndatsala ndi mmodzi kapena ndilibe. Lemba kuti amayi ake akufunsa: mawu amene ankaombera m'nkhungu aja, anawazindikira kapena ayi? Anene zoona. Mwana ameneyo wadyera m'mbale yanga, akanama ndimadziwa, ngakhale papepala."

Cholembera chinaima chokha. Amuna anga ndimawadziwa. Ndi munthu woti ukamufunsa chinthu amayamba kuchifukula mumtima mpaka apeze mlandu, ngakhale pamene panalibe. Ndinaganiza zowonjezera kamzere kamodzi pansi, kakang'ono, kowauza kuti aganize za mwana asanayankhe. Amayi Dhansari sadziwa chilembo ngakhale chimodzi.

"Wamaliza?"

"Ndatsala pang'ono, amayi."

"Funso langa ndi lalifupi. Dzanja lako laima kale pamene lathera."

Anatambasula dzanja. Ndinawapatsa pepalalo, analipinda n'kulilowetsa m'malaya, nati akapereka okha kwa Jokhu.